Katundu wolowa m'dziko wakwera, kenako watsika: ndikhulupirire lipoti liti?

Funso: "Ndili ndi bizinesi yoitanitsa zipangizo zokonzera makina kuchokera kunja. Miyezi iwiri yapitayo ndinawerenga kuti katundu wolowa m'dziko wakwera kwambiri ndipo ena amati ndalama zakunja ziyamba kusowa. Ndinachita mantha, ndinatenga ngongole n'kuitanitsa katundu wochuluka kuposa masiku onse. Lipoti la mwezi wotsatira likuti katundu wolowa watsika, ndipo tsopano akuti chuma chafooka, anthu asiya kugula. Katundu wanga ali m'njira, ngongole ikundidikira, ndipo usiku sindikugona. Kodi manambala a mwezi ndi mweziwa ndi oona? Nanga munthu wamba angawawerenge bwanji kuti asamangothamangitsidwa nawo?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, ndipo choyamba mtima ukhale m'malo. Palibe amene wakunamizani. Malipoti awiri onsewo akhoza kukhala oona, komanso n'kutheka kuti chuma sichinasinthe kwenikweni pakati pa miyezi iwiriyo. Ndakhala ndikusanthula ziwerengero za malonda a pakati pa mayiko kwa zaka zambiri, ndipo chimene ndachiona mobwerezabwereza n'chakuti nambala ya mwezi umodzi imadumphadumpha mwachibadwa. Imene imandipweteka mtima ndi nkhani ngati yanuyi, yoti munthu wolimbikira ntchito atenge ngongole chifukwa cha mutu wa nkhani umene sunamufotokozere zimene zili m'kati mwa nambalayo.

Tiyambe ndi kumene nambalayi imachokera. Katundu aliyense wodutsa pa kasitomu amalembedwa pa fomu: ndi chiyani, wachokera kuti, akulemera bwanji, mtengo wake ndi wotani. Mayiko ambiri amalemba zimenezi m'kompyuta pogwiritsa ntchito pulogalamu ya ASYCUDA imene inapangidwa ndi UNCTAD, nthambi ya United Nations yoona za malonda. Mwezi ukatha, ofesi ya ziwerengero imaphatikiza mafomu onsewo n'kutulutsa nambala imodzi. Ndiye onani apa: katundu amawerengedwa mwezi umene walembedwa kuti walowa. Tsiku limene munamuitanitsa, limene munalipira, kapena limene mudzamugulitse silikhudza lipotili. Sitima yamafuta ikatsitsa katundu pa 30, mwezi umenewo umaoneka wonenepa. Ikachedwa masiku atatu n'kutsitsa pa 2, mwezi woyamba umaoneka wowonda ndipo wachiwiri umatupa. Galimoto za m'dzikomo zamwa mafuta omwe aja, koma pa pepala zikuoneka ngati china chake chachikulu chachitika. Dziko lopanda doko ndiye limavutika kwambiri ndi zimenezi, chifukwa katundu wake amadikira padoko la eni, amadikiranso pachipata, ndipo mlatho umodzi ukaduka malole a milungu iwiri amadzalowa tsiku limodzi.

Zoterezi zimachitikira ngakhale dziko lonse lapansi nthawi imodzi. Pa 23 Malichi 2021 sitima yaikulu ya Ever Given inatsekereza ngalande ya Suez, njira yachidule ya sitima ku Egypt, kwa masiku 6, ndipo sitima mazanamazana zinaima pamzere. Katundu amene akanafika kumapeto kwa Malichi anafika mu Epulo. Kuyambira kumapeto kwa 2023, sitima zambiri zinasiya kudutsa ku Red Sea chifukwa choukiridwa, n'kumazungulira ku Cape of Good Hope, kumwera kwenikweni kwa Africa, ulendo umene umawonjezera masiku pafupifupi 10 kapena kuposerapo. Munthu woona manambala okha akanaganiza kuti ogula asintha maganizo, pamene katundu anali akadali panyanja.

Palinso katundu amene amabwera kamodzikamodzi koma ndi wokwera mtengo zedi. Ndege imodzi, makina a fakitale yatsopano, zipangizo zomangira malo opangira magetsi: chimodzi mwa zimenezi chikalowa m'dziko la chuma chaching'ono, nambala ya mwezi wonse imanyamuka. Mwezi wotsatira ndege ina kulibe, ndiye lipoti limati katundu wolowa wagwa. Ngakhale ku United Kingdom, dziko la chuma chachikulu, golide wolowa ndi kutuluka mumzinda wa London amasokoneza manambala kwambiri moti ofesi yawo ya ziwerengero imatulutsanso nambala ina yochotsamo miyala yamtengo wapataliyo, kuti anthu aone malonda enieni a tsiku ndi tsiku.

Tsopano tifike pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera. Nambala imene mumaiwerenga m'nyuzipepala nthawi zambiri ndi ya ndalama. Imanena kuti dziko lalipira zingati, osati lalandira katundu wochuluka bwanji. Ndalamazo zimakwera pa zifukwa ziwiri zosiyana kotheratu: mwina katundu wachuluka, kapena katundu yemweyo wakwera mtengo. Mu Epulo 2020 mgolo umodzi wa mafuta osayenga a mtundu wa Brent unatsika mpaka pansi pa madola 20. Mu Malichi 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, mgolo womwewo unadutsa madola 120. Dziko limene linkagula migolo yofanana m'miyezi iwiriyo linalipira kuwirikiza kasanu ndi kamodzi, popanda kuwonjezera ngakhale dontho limodzi la mafuta. Feteleza ndi tirigu nazonso zinakwera kwambiri nthawi imeneyo. Ambiri amene ankalemba kuti mayiko akuitanitsa katundu mopyola muyeso ankalakwitsa, chifukwa m'mayiko ena katundu wolowa anachepa pamene ndalama zolipira zinkakwera. Anthu ankalipira zambiri n'kulandira zochepa.

Mtengo wonyamulira nawonso umabisala m'nambala yomweyo. Mayiko ambiri amawerengera katundu wolowa pa mtengo wotchedwa CIF, kutanthauza mtengo wa katundu, inshulansi ndi wonyamulira mpaka kufika pamalire a dziko. Katundu wotuluka amamuwerengera pa FOB, umene ulibe inshulansi ndi wonyamulira wa panyanja. Mayiko ochepa, monga Canada ndi Australia, amawerengera wolowa pa FOB. Mu Seputembala 2021 kunyamula kontena imodzi yaitali panjira zikuluzikulu za panyanja kunafika pafupifupi madola 10,000, pamene mu 2019 kunali kosakwana madola 2,000. Kusiyana konseko kunalowa m'manambala a katundu wolowa a mayiko a CIF ngati kuti ndi katundu. Inu amene mumalipira nokha eni sitima ndi eni malole mukudziwa bwino mmene gawo limeneli limalumira. N'chifukwa chakenso nambala ya ofesi ya ziwerengero ndi ya banki yaikulu zimasiyana ngakhale zikunena mwezi womwewo: banki yaikulu, polemba ndalama zolowa ndi zotuluka m'dziko, imaika katundu pa FOB ndipo wonyamulira imamuwerengera padera. Palibe amene walakwitsa masamu pamenepo.

Ndiye pali ndalama imene lipotilo lalembedwera. Tiyerekeze kuti dziko laitanitsa katundu wa madola 100 mwezi uno, ndi wa madola 100 mwezi wamawa, koma pakati pa miyezi iwiriyo ndalama ya dzikolo yagwa mphamvu moti dola imodzi ikugulidwa ndi ndalama zowirikiza kawiri. Lipoti lolembedwa m'ndalama ya m'dzikolo linena kuti katundu wolowa wawirikiza kawiri. Lipoti lolembedwa m'madola linena kuti palibe chasintha. Choncho mukangotsegula lipoti lililonse, yang'anani kaye ngati ndi la madola kapena la ndalama ya kwanuko, kenako fufuzani ngati pali tebulo la kulemera kwa katundu, matani kapena malita. Ine ndikapatsidwa lipoti, tsamba loyamba ndimalidumpha kaye n'kupita kumatebulo a kumbuyo. Nkhani yeniyeni imakhala kumeneko.

Za nyengo ndingodutsapo mwachangu chifukwa monga wabizinesi mukuzidziwa kale. Mayiko odalira ulimi amaitanitsa feteleza ndi mbewu mvula isanagwe, ndipo miyezi imeneyo imakwera chaka chilichonse. Masitolo amadzaza katundu zikondwerero za kumapeto kwa chaka zisanafike, kenako mu Januwale ndi Febuluwale malonda amazizira. Febuluwale ali ndi masiku ochepa ogwira ntchito. Chaka chatsopano cha ku China chimagwa tsiku lina pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, mafakitale amatseka kwa sabata kapena kuposa, ndipo dziko lililonse logula ku China limadzamva kuchepako patapita milungu ingapo. Vutoli ndi lalikulu moti a kasitomu a ku China amatulutsa ziwerengero za Januwale ndi Febuluwale pamodzi.

Pachifukwa chimenechi, kuyerekeza mwezi uno ndi mwezi watha ndi njira yofooka kwambiri, pokhapokha lipotilo litanena kuti manambalawo achotsedwamo kale zotsatira za nyengo. Ndi bwino kuyerekeza Okutobala wa chaka chino ndi Okutobala wa chaka chatha. Koma apanso samalani, muone ngati chaka chathacho chinali chabwinobwino. Mu Epulo ndi Meyi 2021 mayiko ambiri anaonetsa kukwera kodabwitsa, chifukwa chabe ankayerekeza ndi Epulo ndi Meyi 2020 pamene COVID-19 inali itatseka mafakitale ndi malire. Njira imene ndimaidalira ndi yosavuta, ndipo mukhoza kuichita ndi pensulo: phatikizani miyezi itatu yapitayi, muyerekeze ndi miyezi itatu yomweyo ya chaka chatha. Mukafuna chithunzi chokhazikika kwambiri, phatikizani miyezi 12 yapitayi, ndipo mwezi uliwonse muziwonjezera watsopano n'kuchotsa wakale kwambiri. Sitima yochedwa, ndege imodzi ndi tchuthi zonse zimasungunuka m'menemo, n'kutsala njira imene malonda akuloweradi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ziwerengero kudekhako ndi miyezi itatu kapena inayi yolowera mbali imodzi.

Pali chinthu china chimene chikukhudza inuyo mwachindunji. Anthu akamva kuti msonkho ukwera, ndalama igwa, kapena katundu wina aletsedwa, amathamanga kuitanitsa msanga. Ku United States, mu Malichi 2025 katundu wolowa anafika pamlingo umene unali usanafikidwepo, chifukwa makampani ankathamangira kulowetsa katundu misonkho yatsopano imene inalengezedwa pa 2 Epulo isanayambe. Mu Epulo nambala inagwa kwambiri. Anthu a ku America sanasauke m'masiku 30, katundu wa Epulo ndi Meyi anali atalowa kale mu Malichi n'kudzaza nyumba zosungiramo. Mayi, inunso muli m'kati mwa nambala zimene zikukusowetsani tulo. Mmene munachitira mantha n'kuitanitsa wochuluka, n'kutheka kuti anzanu ambiri anachita chimodzimodzi. Katundu wanuyo akadzalowa adzakweza lipoti la mwezi umenewo, ndipo miyezi yotsatira, pamene nonse mudzakhala mukugulitsa zimene munaunjika, lipoti lidzatsika. Mukadzaliona likutsika musadzachitenso mantha ngati kuti ndi nkhani yatsopano.

Funso lina limene lili pansi pa kalata yanu ndi lakuti, kodi kukwera n'koipa ndipo kutsika n'kwabwino? Zimatengera chimene chakwera. Makina, zipangizo za m'mafakitale ndi zomangira zikamakwera, nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti anthu akukhulupirira za mawa ndipo akuika ndalama m'ntchito. Chakudya chikakwera mwadzidzidzi pambuyo pa chilala, ndi chizindikiro cha mavuto. Mafuta akakwera, funsani kaye za mtengo wa padziko lonse. Nambala yaikulu ija imasakaniza zonsezi mumphika umodzi, ndipo kwa ine nambala imeneyo payokha siuza wabizinesi chochita.

Kutsika nakonso kuli ndi nkhope ziwiri, ndipo apa ndikupempheni mumvetsere bwino chifukwa zochita zake n'zosemphana. Katundu wolowa akhoza kutsika chifukwa ogula alibe ndalama, kapena chifukwa oitanitsa akulephera kupeza ndalama zakunja zolipirira. Pa pepala zonse ziwiri zimaoneka chimodzimodzi. Pamsika n'zosiyana. Ogula akasowa ndalama, katundu amakhalitsa m'mashelefu, ogulitsa amatsitsa mitengo, ndipo amene anaunjika katundu ndi ngongole amapsa. Ndalama zakunja zikasowa, mashelefu amakhala opanda kanthu, mitengo imakwera, oitanitsa amadikira milungu kubanki, ndipo mtengo wa dola kubanki ndi pamsika wamseri umatalikirana. Zikatero amene ali ndi katundu m'manja ndiye ali pabwino. Kuti mudziwe mbali imene muli, lipoti la katundu wolowa muliwerenge limodzi ndi la banki yaikulu lonena za ndalama zakunja zimene dziko lasunga. Amaziyeza ndi miyezi, kutanthauza kuti zingalipire katundu wolowa kwa miyezi ingati, ndipo mlingo umene akatswiri akhala akuugwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali ndi miyezi itatu. Zikamatsika mwezi ndi mwezi kupita pansi pa pamenepo, nkhawa yanu yoyamba ija inali ndi maziko. Zikakhala zokhazikika, ndiye kuti mutu wa nkhani unangokuthamangitsani.

Tsono inu simugulitsa katundu wa dziko lonse. Mumagulitsa zipangizo za makina, ndipo zimenezo zili ndi mzere wakewake m'matebulo. Katundu yense wa malonda a pakati pa mayiko ali ndi nambala yake m'ndondomeko ya Harmonized System imene bungwe la World Customs Organization linaiyambitsa mu 1988. Manambala 6 oyambirira ndi ofanana pafupifupi m'mayiko onse, ndipo awiri oyamba amasonyeza gulu: 27 ndi mafuta, 30 mankhwala, 31 feteleza, 84 makina ndi zipangizo zake zambiri, 85 zamagetsi, 87 galimoto, 88 ndege. Tengani mapepala anu akale a kasitomu, muone HS code, kutanthauza nambala ya Harmonized System ija, imene clearing agent wanu, wokutulutsirani katundu pa kasitomu, amalemba. Ndi nambala imeneyo mukhoza kufunsa ku ofesi ya ziwerengero, kapena kufufuza pa intaneti pa UN Comtrade ndi Trade Map ya International Trade Centre, kumene mayiko ambiri ali ndi ziwerengero za mwezi ndi mwezi, ngakhale ena amachedwa kutumiza. Mungadabwe kupeza kuti mwezi umene nyuzipepala inkafuula kuti katundu wakwera, mzere wanu sunasunthe n'komwe, chokwera chinali mafuta okha. Mungapezenso kuti mzere wanu wakwera miyezi inayi yotsatizana, zimene zikutanthauza kuti opikisana nanu adzaza katundu ndipo mitengo ikhoza kufewa. Zimenezo ndiye zofunika kuzidziwa musanaitanitsenso.

Ndisabise, manambalawa ali ndi zofooka zake. Amene amatuluka koyamba ndi ongoyembekezera, ndipo amakonzedwa mafomu ochedwa akafika. Ndinaonapo mwezi umene unalengezedwa kuti watsika, patapita miyezi iwiri n'kusanduka wokwera, koma palibe nyuzipepala imene inabwerera kukalemba za kukonzako. Katundu wodutsa njira zachidule salembedwa, ndipo pali ena amene amalemba mtengo wochepa pa invoice pofuna kuzemba msonkho, zimene zimachepetsa nambala ya dziko komanso ndi mlandu. Ndiponso ndondomeko ya HS imasinthidwa pakapita zaka zingapo, monga mu 2017 ndi mu 2022, moti katundu wina amasamukira ku nambala ina. Mukaona mzere wanu wazimiririka mwadzidzidzi kumayambiriro kwa chaka, funsani kaye ngati sunangosamuka.

Tibwerere ku katundu amene ali m'njira ndi ngongole yanu, chifukwa ndi zimene zikukulepheretsani kugona. Zipangizo za makina siziwola, ndipo limenelo ndi dalitso lalikulu poyerekeza ndi amene amaitanitsa zinthu zotha ntchito msanga. Choopsa chanu ndi chiwongoladzanja ndi nthawi. Tengani mabuku anu a zaka ziwiri kapena zitatu, muone kuti pa mwezi mumagulitsa zochuluka bwanji pa mtundu uliwonse, kenako mugawe katundu akubwerayo ndi nambala imeneyo. Mudzadziwa kuti mwagula za miyezi ingati. Ngati ndi za miyezi inayi ndipo ngongole ndi ya chaka, pumani. Ngati ndi za miyezi 12 ndipo ngongole ikufunika m'miyezi itatu, vuto lilipo, ndipo likufunika kulithamangira lero. Onaninso ngati ngongoleyo ili m'madola kapena m'ndalama ya kwanuko, chifukwa ngongole ya madola imakula yokha ndalama ya m'dziko ikagwa, pamene makasitomala anu amakulipirani m'ndalama imene yagwayo. Musaiwale kusunga padera ndalama za msonkho ndi zotulutsira katundu, popeza kontena ikakhalitsa padoko kapena pachipata eni ake amalipiritsa tsiku lililonse, ndipo ndaona phindu la anthu likuthera pamenepo.

Pali nthawi imene kuwerenga nokha sikukwanira. Mukaona kuti ndalama zolowa pa mwezi sizikwana kubweza gawo la ngongole, pitani kubanki kapena kwa amene anakubwerekani tsiku lolipira lisanafike. Wobwereketsa amamvera bwino munthu amene wabwera yekha ndi mapepala ake kusiyana ndi amene wasowa n'kuchita kumusaka. Pezani wowerengera ndalama wovomerezeka akuthandizeni kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka za miyezi 6 ikubwerayi. Ngati simukutsimikiza za HS code kapena msonkho wa katunduyu, funsani clearing agent wa chilolezo, kapena a kasitomu eniake, katundu asanafike, chifukwa nambala yolakwika ikhoza kukulipiritsani chindapusa kapena kugwiritsa katundu wanu. Ndipo ngati kusagonaku kwapitirira milungu ingapo, mukusowa chilakolako cha chakudya kapena mtima ukuthamanga, kaonaneni ndi a chipatala. Nkhawa ya ngongole imadwalitsa ndithu, ndipo si chinthu chochita nacho manyazi.

Lipoti lotsatira likatuluka, lembani m'kope lanu nambala ya madola, ya matani ngati ilipo, ya mzere wanu wa 84, ndi miyezi ya ndalama zakunja zimene zasungidwa, pambali pa zimene inuyo mwagulitsa mwezi umenewo. Mukadzakhala ndi mizere itatu kapena inayi, mundilemberenso, tidzaione limodzi musanatumize oda ina.